Miyezi 27 ku Rome: m'mene nkhondo ya ku Mozambique inathera pokambirana

Ambiri a ife tikamapita kumudzi pa Khirisimasi timadutsa njira imodzi: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kenako kulowa m'dziko la Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka Zobue ndi Mwanza. Ena amakhotera ku Calomue n'kukatulukira pa Dedza. Pamsewu wa Tete ambiri timakhala tili mtulo, tikadzuka n'kumangodandaula za kutentha ndi kuchedwa kwa pachipata. Koma tafunsani madalaivala akale a mathiraki. M'zaka za m'ma 1980 panalibe wogona pamsewu umenewu. Magalimoto ankayenda pamdipiti, asilikali a Zimbabwe kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo m'mbali mwa msewu munali zigoba za magalimoto otenthedwa. Munthu akafika pa Mwanza wamoyo ankathokoza Mulungu.

Kuti lero tizidutsa pa Tete tikuwodzera, pali anthu amene anakhala pansi n'kulankhulana ndi adani awo kwa miyezi 27. Nkhani yawo ndi imene tione mwezi uno.

Tisabise, chimene chatifikitsa pamutu umenewu ndi mkangano wathu womwe. Paja mukudziwa za thumba lathu la maliro, m'mene ndalama zinapezeka zoperewera chaka chatha, thupi la m'bale wathu lili kumochale kudikira ulendo wakumudzi. Kuchokera nthawi imeneyo ena sapatsana moni, ena anasiya kusonkha, ndipo pamsonkhano wathawu panamveka mawu akuti, "Zokambiranazi n'kutaya nthawi, wolakwa achotsedwe basi." Ena anati nkhaniyi ipite kupolisi. Tisanagamule, tinagwirizana kuti tichite chimene gulu lathu linakhazikitsidwira, ndiko kufunsa mbiri yakale. Mlandu wathu ndi waung'ono zedi poyerekeza ndi nkhondo, koma funso lake ndi lomwelo: anthu amene anasiya kukhulupirirana amayambira pati?

Nkhondo ya pakhomo pathu

Dziko la Mozambique linalandira ufulu kuchokera kwa Apwitikizi pa 25 Juni 1975, chipani cha Frelimo chikulamula, Samora Machel ali pulezidenti. Boma la azungu la Ian Smith ku Rhodesia linakwiya kuti Machel akusunga ankhondo a Robert Mugabe, ndiye linathandiza kukhazikitsa gulu lankhondo loti lizisokoneza Mozambique. Gululi ndi limene linadzatchedwa Renamo. Mtsogoleri wake woyamba anali André Matsangaissa, n'chifukwa chake makolo athu a m'malire ankangoti "a Matsanga". Iye ataphedwa mu 1979, m'malo mwake munalowa Afonso Dhlakama. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, asilikali a boma la tsankho la kuno ku South Africa ndi amene anatenga udindo wopatsa Renamo zida.

Koma tikanena kuti nkhondoyi inali ya akunja okha tinama. Frelimo nayo inali italakwira anthu ambiri akumudzi. Inachotsa mafumu paudindo, inakakamiza anthu kusiya malo a makolo awo n'kukakhala m'midzi yokhazikitsidwa ndi boma, inalanda masukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo otsutsa inkawatumiza kumisasa yoti akasinthidwe maganizo. Renamo inapeza nkhuni zouma kale. Nayo inachita nkhanza zosaneneka: kutentha midzi, kudula anthu makutu ndi milomo, kugwira ana n'kuwasandutsa asilikali. Ku Homoine, mu Julayi 1987, anthu oposa 400 anaphedwa tsiku limodzi. Pomatha nkhondo, anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atamwalira ndi zipolopolo, njala ndi matenda, ndipo ena oposa 1.5 miliyoni anali atathawira m'mayiko oyandikana nawo.

Oposa 1 miliyoni mwa othawawo anabwera ku Malawi. Ena a ife tinakulira limodzi nawo, ena a ife ndife ana awo. Ku Nsanje kunali msasa waukulu wa Mankhokwe, ndipo panafika nthawi imene othawa kwawo anachuluka kuposa eni boma la Nsanje. Ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene msewu waukulu umayenda pamalire penipeni, anthu a ku Angonia ankangowoloka msewu n'kukakhala pakati pa abale awo olankhula chinenero chimodzi. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala zitawonongedwa, katundu wa Malawi anayamba kuzungulira ku Durban, mitengo ya zinthu n'kukwera. Ndipo mu Sepitembala 1986 Machel, Mugabe ndi Kenneth Kaunda anafika ku Blantyre kudzauza Kamuzu Banda pamaso kuti dziko lake likuthandiza Renamo, zimene boma la Malawi linkakana. Patatha mwezi umodzi, pa 19 Okutobala 1986, Machel anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini, ndipo Joaquim Chissano analowa m'malo mwake.

Njira zimene zinakanika

Rome sikunali koyamba kuyesa mtendere. Pa 16 Malichi 1984 Machel ndi P.W. Botha anasainirana pangano la Nkomati. Mozambique inalonjeza kuleka kulola ankhondo a ANC kudzera m'dziko lake, South Africa inalonjeza kuleka kuthandiza Renamo. Mozambique inasunga mbali yake. Koma mu 1985 asilikali atalanda likulu la Renamo ku Gorongosa anapeza zikalata zoonetsa kuti thandizo la asilikali a South Africa linali likupitabe. Kuwonjezera apo, panganolo linali la maboma awiri, mwini mfuti wa kutchire sanasaine nawo. Nkhondo inakula kuposa kale.

Amene anayamba kunena poyera kuti boma lilankhule ndi Renamo anali atsogoleri a mipingo, ndipo nyuzipepala za boma zinawanyoza kwambiri chifukwa cha zimenezo. Nthawi imeneyo boma silinkatchula n'komwe dzina la Renamo, linkangoti "bandidos armados", kutanthauza achifwamba onyamula zida. Nanga chigawenga n'kukambirana nacho chiyani? Mu 1988 Arkibishopu wa ku Beira, Jaime Gonçalves, anapita kutchire la Gorongosa kukaonana ndi Dhlakama. Mu Ogasiti 1989 iyeyo, Kadinala Alexandre dos Santos wa ku Maputo ndi Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican anakumana ndi Dhlakama ku Nairobi. Anamupatsa mfundo 12 za boma, iye n'kubweza mfundo 16 za Renamo.

Amkhalapakati amene anasankhidwa nthawi imeneyo anali mapulezidenti awiri, Daniel arap Moi wa ku Kenya ndi Mugabe wa ku Zimbabwe. Anali anthu amphamvu, koma vuto linali pomwepo. Asilikali a Mugabe anali m'kati mwa Mozambique kumenyana ndi Renamo, ndiye Renamo ikanamukhulupirira bwanji? Kenya nayo inkaoneka kuti ikukondera Renamo, ndipo boma la Chissano linkaikayikira. Mu Juni 1990 anakonza zoti mbali ziwirizi zikumane ku Blantyre, koma sizinakhale n'komwe patebulo limodzi. Kwathu timadziwa kuti nkhoswe imene banja limodzi likuiona ngati mdani singakonze ukwati, ngakhale itakhala yolemera chotani.

Ankhoswe opanda mfuti

Patangotha mwezi umodzi chilepherereni za ku Blantyre, pa 8 Julayi 1990, nthumwi za boma ndi za Renamo zinakhala chipinda chimodzi mumzinda wa Rome ku Italy. Sanakumane kunyumba ya boma ayi, koma m'nyumba yakale ya masisitere, m'dera la Trastevere, likulu la gulu lotchedwa Sant'Egidio.

Gulu limeneli ndi la akhristu wamba a Katolika. Analiyambitsa mu 1968 ndi Andrea Riccardi, ali mnyamata wa kusekondale. Ntchito yawo inali kupemphera, kuphunzitsa ana a m'makomboni a mu Rome ndi kudyetsa osowa pokhala. Analibe asilikali, analibe chuma choti n'kuopseza nacho munthu. Chimene anali nacho ndi ubwenzi wa zaka zambiri. Anadziwana ndi Gonçalves m'zaka za m'ma 1970. Boma la Frelimo litapanikiza mipingo, iwo anamutengera kwa Enrico Berlinguer, mtsogoleri wa chipani cha chikomyunizimu ku Italy, amene Frelimo inkamumvera, kuti akalankhule ndi anzake a ku Maputo. Njala itavuta m'zaka za m'ma 1980 anatumiza chakudya ndi mankhwala. Analankhulanso ndi Renamo pofuna kuti amishonale amene inagwira amasulidwe. Choncho pofika 1990 mbali zonse ziwiri zinkawadziwa, ndipo panalibe mbali imene inkawaopa.

Amkhalapakati anali anayi: Riccardi; wansembe wachinyamata Matteo Zuppi, amene lero ndi kadinala ku Bologna; phungu Mario Raffaelli, woimira boma la Italy, limene linkalipira zofunika pamisonkhanoyi; ndi Gonçalves, mwana wa dziko lomwelo, wochokera m'chigawo cha Sofala ngati Dhlakama. Poyamba anayiwa anangokhalapo ngati oonerera. Ndi mbali ziwirizo zimene, patapita miyezi ingapo zikukangana za amene angakhale mkhalapakati, zinawapempha kuti atenge udindowo. Nthumwi za boma ankazitsogolera Armando Guebuza, amene anadzakhala pulezidenti pambuyo pake, ndipo za Renamo ankazitsogolera Raul Domingos.

Potsegulira, Riccardi sanayambe ndi funso loti wolakwa ndani. Anawakumbutsa mfundo ya Papa John XXIII, yoti anthu ayambe afunafuna chimene chikuwagwirizanitsa, chowagawanitsacho chidikire kaye. Patatha masiku awiri mbali ziwirizi zinasaina kachikalata kakafupi. Munalibe zoleka nkhondo, munalibe za chisankho. Chachikulu chimene munali ndi chakuti onse anavomereza kuti ndi ana a dziko limodzi, a banja limodzi la Mozambique. Wina angaseke kuti, ulendo wonse wa ku Rome kukangogwirizana zimenezo? Koma kumbukirani kuti dzulo lake lomwe wina anali "chifwamba", winayo "boma lakuba". Munthu sungagawane naye dziko usanavomere kuti ndi munthu.

Kuona maso a nkhono n'kudekha

Zokambirana zinachitika m'magawo 11, ndipo nkhondo inali ikupitirira nthawi yonseyo. Zinthu zinkayenda pang'onopang'ono mokhumudwitsa. A boma anali anthu ozolowera misonkhano ya mayiko. A Renamo ambiri anali ochokera kutchire, ndipo ankaopa kuti apusitsidwa ndi mawu a papepala. Mfundo iliyonse ankafuna kufunsa kaye kwa Dhlakama ku Gorongosa, yankho n'kutenga masiku. Nthawi zambiri mbali ziwirizi sizinkakhala n'komwe pamodzi. Amkhalapakati ndi amene ankayenda uku ndi uku, kunyamula mawu, kuwachotsa minga, n'kuwabweza.

Chipatso choyamba chinaoneka pa 1 Disembala 1990. Anagwirizana kuti asilikali a Zimbabwe azikhala m'njira ziwiri zokha, ya Beira ndi ya Limpopo, ndipo Renamo ileke kuukira njira zimenezo. Anakhazikitsa komiti ya mayiko angapo yoti iziona ngati panganolo likusungidwa. Linaphwanyidwa kangapo, koma kwa nthawi yoyamba adaniwa anali ndi kanthu kena kochitira limodzi.

Kenako panadza mfundo yovuta kuposa zonse. Mu Novembala 1990 boma linali litasintha lokha malamulo aakulu a dziko n'kulola zipani zambiri. Kwa boma, nkhani inali yatha: Renamo itule zida, ilembetse ngati chipani. Kwa Renamo, chimenecho chinali chinyengo, chifukwa boma linali litapanga lokha zimene zimayenera kukambidwa patebulo. Kukangana kumeneku kunadya pafupifupi chaka chathunthu. Pa 18 Okutobala 1991 anasaina mfundo zoyambira: Renamo inavomera kulemekeza boma limene linalipo ndi malamulo ake ndi kumenya nkhondo yake kudzera m'ndale mfuti zikadzaleka kulira, ndipo boma linalonjeza kuti silipanga malamulo otsutsana ndi zimene zagwirizanidwa ku Rome. Aliyense anataya kanthu. Zitatero, zina zinayamba kutsatana: za zipani mu Novembala 1991, za chisankho mu Malichi 1992.

Anthu akumudzi anatopa nako kuchedwaku. Mipingo inasonkhanitsa makalata ndi masiginecha a anthu wamba n'kuwatumiza ku Rome kuti nthumwi zione kuti tsiku lililonse lochedwa likugulidwa ndi miyoyo. Ena ankanena kuti amkhalapakatiwa ndi ofewa, pakufunika dziko lamphamvu loti likalipe. Koma iwo anakana kuumiriza pangano limene eni ake sanalimvetse.

Tisawakometse mopitirira, anzathu. Amkhalapakati okha sakanathetsa nkhondoyi. Dziko lonse linali likusintha. Soviet Union, imene inkapatsa Frelimo zida, inali ikugwa. Kuno Nelson Mandela anali atatuluka m'ndende mu Febuluwale 1990, ndipo boma la F.W. de Klerk linali ndi mavuto akeake. Chilala cha 1991 ndi 1992, chimene ifenso timachikumbuka, chinasiya asilikali a mbali zonse opanda chakudya. Aliyense anaona kuti kupambana ndi mfuti sikutheka. Ntchito ya amkhalapakati inali kusunga chitseko chotsegula mpaka tsiku limene eni mkangano anafuna kulowa. Ndipo sanachite nsanje ndi ntchitoyo. Itafika nkhani ya asilikali mu Juni 1992, anaitana America, Britain, France, Portugal ndi bungwe la United Nations kuti akhalepo ngati oonerera. Mugabe yemwe uja, amene analephera kukhala mkhalapakati, anathandiza pamodzi ndi mkulu wa kampani ya Lonrho, Tiny Rowland, kuti Chissano ndi Dhlakama aonane maso ndi maso koyamba ku Rome mu Ogasiti 1992.

Ngakhale kumapeto kwenikweni zinatsala pang'ono kupasuka. Tsiku losainira linali 1 Okutobala, koma Dhlakama anachedwa kufika, akudandaula za m'mene madera amene anali m'manja mwa Renamo adzayendetsedwere. Anakambirananso usana ndi usiku. Lamulungu pa 4 Okutobala 1992, Chissano ndi Dhlakama anasaina pangano la mtendere, Mugabe ndi Quett Masire wa ku Botswana akuonerera. Mpaka lero 4 Okutobala ndi tsiku la tchuthi ku Mozambique.

Siginecha itauma

Sabata yomweyo ku Angola zinthu zinali zikuwonongeka. Kumeneko anachita chisankho mu Sepitembala 1992 magulu ankhondo asanatule zida, ndipo Jonas Savimbi atagonja anabwerera kutchire. A Mozambique anaphunzirapo. Bungwe la United Nations linatumiza asilikali ake motsogozedwa ndi nthumwi Aldo Ajello, ndipo chisankho anachichedwetsa ndi chaka chathunthu kuti ayambe atula zida. Asilikali pafupifupi 90,000 a mbali zonse anabwerera kwawo, akulandira kandalama kwa zaka ziwiri kuti ayambirepo moyo. Pangano linati gulu latsopano lankhondo likhale la anthu 30,000, theka theka, koma amene anafuna kukhalabe asilikali sanafike n'komwe theka la chiwerengerocho. Anyamata anali atatopa.

Chisankho chinachitika pa 27 mpaka 29 Okutobala 1994. Dhlakama analengeza kuti akutuluka chisankho chitatsala maola ochepa, koma atanyengereredwa anabwerera. Chissano anapambana ndi mavoti 53 pa 100 aliwonse. M'nyumba ya malamulo ya mipando 250, Frelimo inapeza 129, Renamo 112. Othawa kwawo anabwerera, ambiri a ku Malawi pa miyendo, osadikira malole a mabungwe.

Nanga milandu ya nkhondo inapita kuti? Apa ndi pamene Mozambique inasiyana ndi dziko limene tikukhalali. Kuno kunali komiti ya choonadi ndi kuyanjana, TRC, motsogozedwa ndi Arkibishopu Desmond Tutu. Inayamba kumva anthu mu Epulo 1996, inalandira umboni wa anthu oposa 21,000, ndipo mwa anthu oposa 7,000 amene anapempha chikhululukiro, 849 okha ndi amene anachilandira. Kuti ukhululukidwe umayenera kuulula zonse. Ku Mozambique, nyumba ya malamulo inakhululukira onse nthawi imodzi mu Okutobala 1992. Panalibe wozengedwa mlandu, panalibe wofunsidwa kuti aulule, panalibe chipepeso kwa ofedwa.

Ntchito imene boma linaisiya inagwera midzi. Taganizani, mnyamata amene anagwidwa ali ndi zaka 12 akubwerera ali bambo, manja ake atakhetsa magazi, mwina a m'mudzi womwewo. Katswiri wina wa chikhalidwe wa ku Mozambique komweko, Alcinda Honwana, analemba za miyambo imene mabanja ankachita. Wobwera kunkhondo sankalowa m'nyumba msanga. Zovala zimene anabwera nazo ankazitentha, iye n'kusambitsidwa ndi mankhwala, nthawi zina kumtsinje, n'kumuuza kuti achoke osacheuka. Akatero ndiye ankadya ndi abale ake. Ku Gorongosa, Victor Igreja anafufuza za mizimu yotchedwa magamba, mizimu ya asilikali ofa, imene inkagwira anthu n'kuyamba kunena poyera zoipa zimene zinachitika m'banjamo nthawi ya nkhondo. Kuti wodwala achire, abale amayenera kusonkhana, wolakwa avomere, alipe. Kaya wina amakhulupirira mizimu kaya ayi, aone chimene chinkachitika pabwalopo: choonadi chimene boma linati chikwiriridwe chinapeza njira yake yotulukira.

Mipingo nayo inachitapo mbali yake. Mu 1995 Bishopu Sengulane ndi bungwe la mipingo ya chikhristu anayambitsa ntchito yosinthitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mfutizo ankazidula, amisiri n'kupanga nazo ziboliboli. Abale athu a ku London akhoza kufunsa ku British Museum za mpando ndi mtengo zopangidwa ndi zidutswa za mfuti zimenezo.

Mlandu suwola

Mtendere wa ku Rome unagwira zaka 20. Koma panali zinthu zimene panganolo linazisiya osazimaliza. Wopambana chisankho ankatenga zonse, mpaka kusankha abwanamkubwa a zigawo zimene zinavotera Renamo. A Renamo ankadandaula kuti chisankho chikuberedwa ndiponso kuti anthu awo akukankhidwira kunja m'gulu lankhondo. Nayo Renamo inali itasunga amuna ena ndi mfuti zawo. Mu 2012 Dhlakama anabwerera ku Gorongosa, ndipo mu 2013 mfuti zinayambanso kulira. Kumayambiriro kwa 2016 anthu oposa 10,000 ochokera m'chigawo cha Tete anali atathawira pa Kapise m'boma la Mwanza, kenako anawasamutsira kumsasa wa Luwani, womwe uja unasunga makolo awo.

Anabwereranso patebulo. Ulendo uno Pulezidenti Filipe Nyusi anachita kupita yekha kuphiri la Gorongosa kukaonana ndi Dhlakama, ndipo kazembe wa Switzerland, Mirko Manzoni, anali pakati pawo. Dhlakama anamwalira pa 3 Meyi 2018 ntchito isanathe. Malamulo anasinthidwa kuti abwanamkubwa azichokera m'chisankho, ndipo pa 6 Ogasiti 2019 Nyusi ndi Ossufo Momade anasaina pangano lina ku Maputo. Msasa womaliza wa Renamo unatsekedwa mu Juni 2023. Sitikunena kuti Mozambique ili pamtendere weniweni lero. Ku Cabo Delgado kuli nkhondo ina chiyambire 2017, ndipo chisankho cha 2024 chinatsatidwa ndi ziwawa zimene zinapha anthu ambiri. Koma nkhondo ija ya zaka 16, imene inadzaza Nsanje ndi Dedza ndi othawa kwawo, sinabwererenso pamlingo umene inali.

Tibwerere kuthumba lathu

Tikaiona bwino mbiriyi, mphamvu ya mkhalapakati siili m'ndodo. Ili m'kukhulupiridwa ndi mbali zonse ziwiri ndiponso m'kusatopa. Mapulezidenti analephera pamene mphunzitsi, wansembe, phungu ndi bishopu anakwanitsa. Ifenso tisathamangire kupatsa nkhani yathu munthu chifukwa choti ali ndi galimoto kapena amalankhula kwambiri. Tifunse mbali iliyonse kuti, ndani amene mungamuuze zakukhosi?

Chachiwiri, a ku Rome sanayambe ndi chovuta kwambiri. Anayamba ndi kuvomereza kuti ndi banja limodzi. Ife tili kutali ndi kwathu. Amene wamwalira kuno amafuna anthu oti amunyamule, ndipo anthuwo ndi ife tomwe, olakwa ndi olakwiridwa omwe. Tikathamangitsana, thumba litha, ndipo wotsatira kumwalira adzagona kumochale miyezi. Tikapita kupolisi, mwina wina amangidwa, koma ndalama za mayi wamasiye sizibwera, ndipo tikudziwa kuti ena mwa ife nkhani ya mapepala siili bwino. Ngakhale pa nkhani za pantchito, amene anapitako ku CCMA akudziwa kuti choyamba amakukhazikani pansi ndi bwana wanu kuti muyese kumvana, chigamulo chimabwera zimenezo zikakanika.

Chachitatu, ndipo ichi n'chimene tisachiphonye, kukambirana si kukwirira mlandu. Mozambique inakhululukira onse osafunsa kanthu, ndipo zimene zinakwiriridwa zinatulukira m'matenda a anthu ndi m'mfuti za 2013. South Africa inafunsa choonadi, koma chipepeso chinachedwa ndipo chinachepa: R30,000 kamodzi kokha kwa wozunzidwa aliyense, ndipo ambiri akudandaulabe. Pabwalo la kwathu zinthu zitatu zimayendera limodzi. Wolakwiridwa amalankhula mpaka amalize, wolakwa amavomera ndi pakamwa pake, kenako amalipa, kaya ndi nkhuku kaya ndi mbuzi, anthu onse akuona. Zikatero mfumu imati nkhani yatha, ndipo woidzutsanso ndiye amakhala wolakwa. Amene akuti "tingoiwala" akulakwitsa chimodzimodzi ndi amene akuti "achotsedwe basi".

Choncho pempho lathu ndi ili. Pamsonkhano wa Lamulungu loyamba la mwezi wamawa, mbali iliyonse ibwere ndi mayina a akuluakulu awiri amene ikuwakhulupirira, ndipo tisankhe okhawo amene mbali inayo sikuwakana. Mabuku onse a thumba ndi malisiti zibwere. Mayi amene anaferedwa alankhule poyamba, popanda wowadula mawu. Tsiku limenelo tisayembekezere chigamulo. Tikangogwirizana kuti tidakali gulu limodzi ndiponso kuti tikumananso liti, tayamba. Amene anasiya kubwera, amene muli nawo pafupi muwapatse kapepala kano awerenge, ndipo muwauze kuti mpando wawo ulipo.